Njira Yophera Chitukuko kwa Kalolo ndi kwa Kabudula

Kuchokera mumzinda wa Lilongwe, ku Mpingu ndi pakhomo, ndipo ku Namitete galimoto imafika m'ola limodzi ikatsata msewu wa Mchinji. Ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma nako munthu angathe kupita m'mawa n'kubwerako dzuwa likadali m'mwamba. Kufupika kumeneku kwachititsa kuti mabungwe othandiza anthu azilikonda dera limeneli. Ena achita zazikulu, ndipo pali ana amene ali moyo lero chifukwa cha iwo. Koma aliyense amene anayendako panjinga anaonanso mijigo imene inasiya kutulutsa madzi, makola opanda mbuzi, ndi nyumba za mkombaphala zimene tsopano amasungiramo fodya.

Ntchito zoterezi sizifa mwangozi, ndipo kawirikawiri sizifa chifukwa cha kuipa mtima. Ambiri amene amaziyambitsa ndi anthu achifundo chenicheni, ndalama zake n'zochokera kwa anthu wamba akutali amene anadzimana kuti atithandize. Zimafa chifukwa pali njira imene imatsatidwa mobwerezabwereza, ndipo malekezero ake sasintha. Ndiilemba monga mmene imayendera, kuyambira tsiku lofika mpaka tsiku lotsanzika. Bungwe limene likufuna kuti ntchito yake ife lichite izi.

Malizani kuganiza musanafike. Lembani pempho lanu la ndalama muli mu ofesi ku Area 10 kapena ku London, mutchulemo chiwerengero cha mijigo, mbuzi ndi misonkhano, mwini ndalama asaine, kenako ndiye mupite kumudzi kukafunsa anthu zimene akufuna. Funso lochedwa chotere anthu amalizindikira msanga. Munthu wa kwa Khongoni akaona galimoto yojambulidwa dontho la madzi pachitseko amadziwa kuti yankho lofunika ndi madzi, ngakhale chimene chikumusowetsa tulo chili mlatho umene umakokoloka dzinja lililonse n'kutsekera amayi oyembekezera njira ya kuchipatala. Adzakuyankhani zimene mwanyamula, chifukwa mlendo sakanidwa pamaso, komanso chifukwa kulandira kanthu kumaposa kubwerera chimanjamanja. Inu mulembe kuti anthu apempha okha.

Muchite ngati dera lino linabadwa tsiku limene munafika. Dera limeneli linaona chitukuko chachikulu ambiri a ife tisanabadwe. Mu 1968 boma, ndi ngongole ya World Bank, linayambitsa Lilongwe Land Development Programme, imodzi mwa ntchito zoyambirira zamtundu wake mu Africa. Inalambula misewu, inakumba mijigo, inamanga misika ndi maofesi a alangizi, inabwereketsa mbewu ndi feteleza, inayeza ndi kulembetsa minda ya mabanja m'njira imene akuluakulu amaikumbukira ndi dzina loti ndunda. Zina mwa izi, makamaka misewu, zikuthandiza mpaka lero. Koma ngalande zoteteza nthaka zimene anakumba ndi makina alimi sanazitenge ngati zawo, ndipo zinakwiririka popanda wozifukula. Mlimi amene anamulimbikitsa kulima mtedza ndi chimanga ankagulitsa kwa ADMARC pamtengo wotsika, phindu n'kumapita kukakuza maesiteti a anthu ena. Pambuyo pake kunabwera MASAF m'zaka za m'ma 1990, kunabwera chimanga chaulere pa njala ya 2002, kunabwera makuponi a feteleza kuyambira 2005. Agogo amene anaona zonsezi akadalipo ku Nsaru ndi ku Msundwe, ndipo angathe kukuuzani chimene chinatheka, chimene chinakanika ndi chifukwa chake. Musawafunse. Safunsa anadya phula, koma pano phulalo silidyedwa ndi wosafunsayo. Limadyedwa ndi mudzi.

Lambalalani khonsolo. Kuyambira pa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998, njira ya chitukuko ndi yodziwika: komiti ya VDC kwa agulupu, ya ADC kwa mfumu yaikulu, ndi khonsolo kwa DC. Makomiti amenewa ali ndi zofooka zawo, amachedwa, ndipo nthawi zina mumalowa ndale. Komabe ndiwo amadziwa mudzi umene uli ndi mijigo itatu ndi umene ukumwa kudambo, ndipo ndiwo adzakhalepo inu mutapita. Asiyeni. Imani pamudzi woyamba umene uli m'mphepete mwa tala, lankhulani ndi anyakwawa a pamenepo okha, ndipo mukhazikitse komiti yanuyanu yokhala ndi dzina la bungwe lanu ndi masikipa ake. Mukatero thandizo limaunjikana kumene galimoto imafika mosavuta, ndipo midzi ya kutsidya kwa dambo, kumene umphawi uli wozama, imangomva mphekesera. Mu komiti yanuyo mudzapeza anthu asanu omwe aja amene ali m'komiti za mabungwe ena onse, chifukwa ndiwo amadziwa kalankhulidwe kamene alendo amakonda.

Nyengo musailabadire. Itanani msonkhano mu Januwale, pamene anthu ali pakalikiliki kupalira, kubandira, kuthira feteleza wachiwiri ndi kuthyola fodya, nkhokwe zili mbee. Nenani kuti anthu asonkhane 9 koloko, inu mufike dzuwa litapendeka. Tsiku limodzi lotayika m'mwezi umenewu limaoneka pa zokolola za mu Meyi. Ndipo amene adzakhala pansi pa mtengo kukudikirani si osaukitsitsa ayi. Iwowo ali kuganyu m'munda wa mnzawo, kusaka mbale ya ufa wa madzulo amenewo. Mudzamva maganizo a anthu amene angakwanitse kutaya tsiku, n'kuwatcha maganizo a mudzi. Kukagwa zovuta m'mudzimo tsiku la msonkhano, kakamirani kuti msonkhano uchitikebe chifukwa mafuta mwathira kale. Anthu adzakumbukira zimenezo zaka zambiri kuposa chilichonse chimene munanena. Posankha malo omangapo musafunse kumene kuli manda kapena dambwe. Kuno ndi kwa Achewa, ndipo nyumba yomangidwa poipitsa malo amenewa imangoima yokha, anthu n'kumaidutsa.

Tsopano nkhani ya alawansi, imene ndimaiona kuti ndiyo yawononga kwambiri. Lipirani munthu aliyense amene wakhala pansi kukumverani. Mukamva kuti bungwe lina limapereka zochepa, inu muonjezere, kuti anthu azithamangira kwanu. Maphunziro a alangizi ndi aphunzitsi musachitire pasukulu ya m'dera lawo. Atengereni ku Mponela kapena kunyanja ku Salima sabata yathunthu. Sabata imeneyo sikelo ya ana siichitika chifukwa mlangizi wa zaumoyo kulibe, mbozi zimalowa m'chimanga mlangizi wa zaulimi ali m'chipinda cha hotela, ndipo Sitandade 2 imatsala ndi mwana wamkulu wogwira ndodo. Anthu amenewa sindikuwadzudzula. Malipiro awo ndi ochepa, ndipo alawansi ya sabata imodzi imatha kugula matumba a feteleza amene malipiro a mwezi sangagule. Wolakwa ndi amene anakonza zinthu mwanjira yoti kuchoka pantchito kuzipindulitsa kuposa kuigwira.

Kumudzi zotsatira zake n'zozama kuposa pamenepa. Anthu akuno anaumba njerwa za sukulu zawo ndi matchalitchi awo popanda kulandira tambala. Mpaka lero adzukulu amakumba manda osalipidwa, amayi amatunga madzi ndi kuphika pamaliro osalembetsa dzina. Mphamvu yogwirira ntchito limodzi ilipo. Inu iphunzitseni kuti chilichonse chokhudza chitukuko chimayamba ndi kusaina papepala n'kulandira envelopu. Pakatha zaka ziwiri mfumu ikamema anthu kuti akakonze msewu wa kusukulu, funso loyamba lidzakhala lakuti, "Kuli kangachepe?" Ndipo kuti chilungamo chisoweretu, lipirani okhala pamsonkhano koma amayi amene amadzuka mbandakucha tsiku ndi tsiku kukaphika phala la ana, kutola nkhuni ndi kutsuka makapu muziwatcha odzipereka, musawapatse ngakhale sopo. Nthawi ya munthu wosauka ndi yamtengo wapatali ndipo ntchito yeniyeni iyenera kulipidwa. Chimene chimapha mudzi ndi kulipira kukhala, n'kusiya thukuta.

Mjigo ndi chinthu chosavuta kuupha. Boma linasankha mtundu wa Afridev pa chifukwa chomveka. Mjigo umenewu unachokera pa ntchito imene inayambira kuno ku Malawi n'kukapitirira ku Kenya m'zaka za m'ma 1980, ndipo anaupanga mwanjira yoti anthu akumudzi azitha kuumasula okha ndi zida zochepa, kusolola ndodo, kusintha marabala ndi mabushi, n'kuubwezera tsiku lomwelo. Zipangizo zake zimapezeka m'masitolo, ndipo pali amakaniko a m'madera amene anaphunzira kuukonza. Inu bweretsani mtundu wina, wokongola pachithunzi, umene zipangizo zake zimachokera kutsidya kwa nyanja. Chitsanzo chilipo. Mu 2006 boma la America pamodzi ndi Case Foundation ndi anzawo analonjeza ndalama zokwana madola 16.4 miliyoni zoikira PlayPump m'maiko a mu Africa. Chinali chigudumu choti ana akamachizunguza posewera madzi azikwera m'thanki. Chinafika ku Mozambique ndi kuno ku Malawi, ndipo malo ena anachotsa mijigo imene inkagwira ntchito kuti aikepo chimenechi. Ana sasewera tsiku lonse, ndipo madzi amafunika m'mamawa ana ali m'tulo kapena ali m'kalasi. Amene anatsala akukankha chigudumucho anali amayi, ena okalamba, ena oyembekezera. Chikaonongeka panalibe wochikonza pafupi. Pofika 2010 bungwe limene linkachifalitsa linatseka ntchito yake.

Ngakhale mutasankha Afridev, njira yolakwitsa ikadalipo. Kumbani mvula itangotha, madzi akadali pafupi, ndipo wokumba akangowaona mumuuze aleke kuti ndalama zikwanire mijigo yambiri. Musatume munthu wodziwa kuti akaime pambali pa makina kuyang'anira kuzama kwake, ndipo a zamadzi a kukhonsolo asadziwe n'komwe. Pofika Okutobala mjigo udzayamba kutulutsa matope, kenako mpweya. Malo ake akhale pakhomo pa mfumu kapena pa munthu wotchuka, kuti ena azichita kupempha. Komiti ya pamjigo muisankhe tsiku lotsegulira, muijambule chithunzi, koma musaiphunzitse kumasula mutu wa mjigo, musailumikize ndi makaniko, ndipo nkhani yosonkha ndalama mwezi ndi mwezi musaitchule chifukwa ingaononge chisangalalo. Nenani mokweza kuti iyi ndi mphatso yochokera kwa inu. Rabala ikadzatha, anthu adzanena kuti mjigo wa bungwe lakutilakuti wafa, ndipo adzakhala akunena zoona, popeza sunakhalepo wawo.

Mjigo ukafa anthu sasiya kumwa madzi. Amabwerera kuchitsime cha kudambo kumene kumamweranso ng'ombe. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo boma la Lilongwe ndilo linaika maliro ambiri.

Pa zamaphunziro, lotani zazikulu ndipo muyambe ndi mwambo. Pafupi ndi mzinda wa Lilongwe pali mudzi wa Chinkhota. Mu Okutobala 2009 woimba wa ku America, Madonna, anatsogolera mwambo woyambitsa sukulu ya atsikana ya bungwe lake la Raising Malawi, imene inkayembekezeka kudya madola 15 miliyoni. Anthu a m'mudzimo anauzidwa kuti asiye minda yawo, ndipo ambiri anadandaula ndi chipukuta misozi chimene analandira. Kumayambiriro kwa 2011 ntchitoyo inalekeka. Madola pafupifupi 3.8 miliyoni anali atapita kale kwa ojambula mapulani, kumalipiro, kugalimoto ndi kumaofesi, kalasi ngakhale imodzi isanaime. Bungwe lomwelo litasintha njira linagwirizana ndi bungwe lina lotchedwa buildOn, ndipo mu 2012 anamanga midadada ya sukulu zapulaimale khumi ku Kasungu ndi kagawo kochepa chabe ka ndalama zija, anthu a m'midzi akugwira nawo ntchito. Amene akufuna kulephera atengere chiyambi cha nkhaniyi, asiye mapeto ake.

Si onse ali ndi mamiliyoni otaya, koma zolakwika zing'onozing'ono nazo zimakwanira. Kuyambira pamene sukulu zapulaimale zinakhala zaulere mu 1994, ana n'kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, vuto la sukulu zakumudzi lakhala aphunzitsi, nyumba zawo ndi zimbudzi. Inu mangani mdadada wopaka utoto wowala, osamanga nyumba ya mphunzitsi. Mphunzitsi adzachita lendi ku Nsaru kapena ku Kasiya, azipalasa njinga mtunda wautali, ndipo dzinja likafika mtsinje udzamutsekereza. Zimbudzi za atsikana ndi chipinda chosinthira muziike kumapeto kwa bajeti kumene zimadulidwa. Tumizani makompyuta kusukulu yopanda magetsi, ndi mabuku olembedwera ana a dziko lina amene ahedi adzawatsekera m'kabati poopa kuti angatayike. Mukatenga mwana kuti muzimulipirira kusekondale, mulonjezeni mpaka Fomu 4 koma ndalama zanu zikhale za zaka ziwiri. Mtsikana amene wabwezedwa kugonero ali Fomu 2 amabwerera kumudzi ndi manyazi amene analibe poyamba, ndipo amuna omufunsira sachedwa. Mukapeza mwana wamasiye, musafunse za agogo ake, azakhali ake kapena atsibweni ake amene mwambo unawapatsa udindo pa mbumba. Mtengeni mukamuike m'nyumba yosungira ana, chifukwa nyumba imaoneka ndipo alendo angathe kuiyendera. Ndalama zosungira mwana mmodzi mmenemo zikanathandiza banja lonse kumusunga pakati pa abale ake, iye n'kukula akudziwa munda wa amayi ake.

Nkhani ya munda wa amayi ndi yofunika polemba maina a olandira. Funsani kuti mutu wa banja ndani, mulembe dzina la bambo. Mabanja ambiri masiku ano ali pachitengwa, koma m'midzi yambiri yakuno munda umayendabe kuchikazi ndipo mwamuna ndi mkamwini. Banja likatha, bamboyo adzanyamula mbuzi ndi pampu yothirira zimene zili m'dzina lake kupita nazo kwawo, mayi n'kutsala ndi ana ndi dimba louma. Kalembera muchite mobisa, pakati pa inu ndi munthu mmodzi. M'mudzi wa mabanja 100 amene onse amagona ndi njala mu Febuluwale, sankhani 10, musafotokoze mmene mwawasankhira, ndipo musasiye njira yodandaulira. Mukachoka, otsalawo adzati mfumu yakondera abale ake, kaya n'zoona kaya ayi. Ntchito ya mudzi ikadzabwera adzati, "Apite omwe amalandira aja."

Za ulimi sizifuna mawu ambiri. Mbewu ifike mu Januwale mvula yobzalira itadutsa. Ku Chitedze, pafupi ndi Mpingu pomwepa, akhala akufufuza za mbewu kuyambira 1948, ndipo mtedza wa CG7 umene alimi amaudziwa bwino unadzera kumeneko, musapiteko. Limbikitsani mbewu yachilendo imene ilibe msika, mulonjeze kuti wogula adzabwera. Gawani nkhuku za mikolongwe popanda katemera wa chitopa, ndi mbuzi zogula kutali zimene sanazione adokotala a ziweto, kuti matenda ake alowenso m'makola a eni mudzi.

Chimene muyenera kupewa kwambiri ndi kukhulupirira munthu wosauka. Nenani kuti mukamupatsa ndalama m'manja akamwera kachasu, ndipo mumugulire inuyo chimene mukuganiza kuti akufunika. Umboni wotsutsa maganizo amenewa uli pafupi. Mtukula Pakhomo unayambira kutsidya kwa Bua, ku Mchinji, mu 2006, ndipo mabanja amene ankalandira anagula chakudya, yunifomu, nkhuku ndi mbuzi. Kwa Khongoni komweku bungwe la GiveDirectly, ndi ndalama za kampani ya Canva, linapereka madola pafupifupi 550 kwa munthu wamkulu aliyense, iye n'kusankha yekha chochita nazo, ndipo malata, ziweto ndi timabizinesi zinaoneka m'midzi. Ndalama m'manja sizimanga mlatho kapena kulemba ntchito namwino. Zimenezo zimafuna boma ndi mabungwe. Koma zimaonetsa kuti mayi wa ana asanu amadziwa chimene chikusowa pakhomo pake kuposa wina aliyense. Chimodzimodzi banki m'khonde, njira imene CARE inayambitsa ku Niger mu 1991. Mphamvu yake ndi yoti ndalama zili m'bokosi ndi za mamembala eni ake, ndipo wobwereka amadziwa kuti akapanda kubweza walanda mnansi wake. Mukafuna kuipha, thiranimo ndalama zanu zambiri kuti gulu likule msanga. Anthu adzayamba kunena kuti ndi ndalama za bungwe, kubweza kudzazilala, ndipo pogawana mu Disembala padzabuka mkangano umene udzafika kubwalo la mfumu.

Nkhope yanu iziyang'ana kwa mwini ndalama nthawi zonse. Werengani zimene mwagawa, osati zimene zasintha: mijigo yokumbidwa, osati imene ikutulutsa madzi, anthu amene anafika pamaphunziro, osati amene anagwiritsa ntchito zimene anamva. Jambulani mwana wa mphuno zachimfine ndi malaya ong'ambika popanda kupempha makolo ake, mumuike pa intaneti dziko lonse limuone. Alendo akamabwera kudzayendera, konzani mudzi umodzi woonetsa, muuze amayi nyimbo zoimba ndi mawu oyankha. Lipoti lanu lipite kunja ndi ku ofesi ya NGORA monga lamulo likunenera, koma anthu amene dzina lawo linapemphera ndalamazo asadziwe kuti zinali zingati, zingati zinagula simenti, zingati zinathera m'mafuta ndi m'malipiro. Zinthu zikakwera mtengo, monga zinachitikira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dulani matumba a simenti ndi masiku a makaniko, za ku ofesi zikhale momwemo. Wantchito wanu wa kumudzi, amene amayenda panjinga yamoto ndipo amaona zonse, akanena kuti zinthu sizikuyenda, mumuuze kuti alembe zabwino zokhazokha.

Kenako chokani pakatha zaka zitatu, ndipo anthu amve za kuchokako sabata yomaliza. Chitani mwambo wopereka ntchito m'manja mwa boma, ngakhale khonsolo simunaiuzepo kanthu chiyambire ndipo mu bajeti yake mulibe tambala ya ntchito yanuyo. Musabwerenso kudzaona patapita zaka ziwiri. Pamenepa ndi pamene njira yolephera imasiyanirana kwambiri ndi ya anthu amene ntchito yawo yakhazikika kuno. Masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg anatsegula chipatala cha St Gabriel's ku Namitete mu 1959, ndipo chikulandirabe odwala ochokera kwa Kalolo, ku Mchinji ndi kupitirira. Chinakhala nthawi yokwanira kuti chilakwitse, chiphunzire, chiphunzitse Amalawi ochiyendetsa, ndi kuluka ubale ndi anthu odzipereka m'midzi amene amayendera odwala m'makomo. Mu 2008 wophunzira wa ku America, Josh Nesbit, anabweretsa pachipatalapo mafoni akale 100 ndi kompyuta imodzi, kuti odziperekawo azitumiza uthenga m'malo moyenda mitunda italiitali kukapereka lipoti. Ntchito imeneyo inakula n'kukhala Medic Mobile, n'kufalikira kumaiko ena. Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo izi zinaoneka ku Namitete, chifukwa mlendoyo anayamba waona ntchito imene eni dera ankagwira kale, n'kufunsa chimene chinkawalemetsa. Bungwe lofuna kulephera lisachite chidwi ndi zimenezi.

Alendo okha sangathe kupha chitukuko. Amafunika thandizo lathu, ife eni dera. Ndikunena izi ndi ulemu wonse kwa mafumu athu, makomiti ndi atsogoleri a mipingo, chifukwa mbali yathu ndi imene tingathe kuisintha popanda kudikira munthu. Gogo chalo, mukafuna kuti ntchito ife m'dera lanu, vomerani chilichonse chimene chabwera, ngakhale mukudziwa kuti mudzi woyandikana nawo unachiyesa n'kulephera. Musafunse kuti ndalama ndi zingati, ntchito itha liti, ndipo ikatha adzakonza ndani. Pakalembera muikemo mlamu wanu, mwana wanu wa ku Joni ndi agogo amene tinawaika chaka chatha. Inu apampando a komiti, matumba awiri a simenti ya sukulu apite kukakonza khonde lanu, ndipo ndalama za pamjigo muzisunga m'thumba la malaya popanda kaundula. Ife ena tonse tione zimenezi n'kukhala chete pamsonkhano, tikalankhulire kuchigayo. Mjigo ukafa tisasonkhe, ngakhale rabala yake siifika mtengo wa nkhuku imodzi. Tidikire chaka cha chisankho kuti ofuna uphungu adzaukonze. Ndipo bungwe lina likadzaima pabwalo n'kufunsa ngati alipo amene anayesapo ntchito yomweyi m'mudzi muno, tidzayankhe kuti ayi, inu ndinu oyamba.